Mwana wanga akuti mutu wake si wa masamu

Funso: Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 14. Ku pulayimale masamu ankawakonda ndipo ankakhoza bwino. Chiyambireni sekondale malikisi ake akungotsika, ndipo masiku ano amangoti, "Amayi, ine mutu wanga si wa masamu, masamu ndi a anyamata." Akamachita homuweki ndimaona kuti akuimvetsa, koma pa mayeso amalemba zina. Bambo ake akuti nzeru n'zobadwa nazo, tisamuvutitse. Kodi n'zoona kuti zonena za anthu zingamugwetse mwana pa mayeso, kapena ndikungokana kuvomereza kuti nzeru zake zalekera pomwepa?

Yankho: Mayi, m'funso lanu muli mawu amene sindikufuna kuwadumpha: homuweki akuimvetsa, koma pa mayeso amalemba zina. Nzeru sizibwera Lachiwiri madzulo n'kuchoka Lachinayi m'mawa. Mwana akamatha samu pa tebulo la kunyumba n'kuilephera m'chipinda cha mayeso, ndiye kuti chilipo chimene chikulowerera pakati pa zimene akudziwa ndi zimene akulemba. Mwina ndi mantha. Mwinanso kunyumbako samuyo amaichita akusuzumira chitsanzo cha m'buku. Kawirikawiri zimakhala zonse ziwiri. Ndiyamba ndi mantha, poti ndi amene mwafunsa.

Mu 1995 akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Claude Steele ndi Joshua Aronson, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa yunivesite ya Stanford ku America. Anapatsa ophunzira akuda ndi azungu mafunso ovuta a chiyankhulo. Ena anawauza kuti mafunsowo akuyeza luso lawo, ena anawauza kuti ndi ntchito chabe yofuna kuona mmene anthu amayankhira mafunso otere. Ophunzira akuda amene anamva kuti akuyezedwa luso anakhoza mochepera azungu amene analowa nawo pa yunivesitepo ndi malikisi ofanana. Amene sanamve zimenezi anayandikana nawo kwambiri. Ku America kuli mbiri yakale yonyoza anthu akuda kuti ndi operewera nzeru, ndipo munthu sachita kufunika kuikhulupirira mbiri yotere kuti imusokoneze. N'kokwanira kungodziwa kuti ena amaikhulupirira. Ofufuzawo anachitcha chinthuchi stereotype threat, kutanthauza mantha akuti ndikalephera, ndikhala ndatsimikizira zimene amanena za gulu lathu lonse.

Kafukufuku wofanana kwambiri ndi nkhani ya mwana wanu anachitika ku France, ndipo Pascal Huguet ndi Isabelle Régner anamufalitsa mu 2007. Ana a zaka zapakati pa 11 ndi 13 anaonetsedwa chithunzi cha mizere yopingasana, makona ndi timabokosi. Kenako chithunzicho chinachotsedwa, iwo n'kuuzidwa kuti achijambule kuchokera m'mutu. Ena anauzidwa kuti awa ndi mayeso a jometri, ena anauzidwa kuti ndi masewera okumbukira kapena zojambula basi. Atsikana amene anamva liwu lakuti jometri anakhoza mochepa kusiyana ndi atsikana anzawo amene anamva dzina linalo. Chithunzi chinali chomwecho, pensulo yomweyo. Chimene chinasintha ndi dzina la ntchitoyo.

Zimatheka bwanji? Munthu akamawerengetsa samu yaitali amasunga zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi: nambala imene waisiya pambali, chizindikiro chimene wachisintha, sitepe yotsatira. Malo osungira zimenezi ndi ang'ono ngati chikhatho, ndipo akatswiri amawatcha working memory. Mantha akalowa, nawonso amafuna malo m'chikhatho momwemo. Maso a mwana ali pa funso, koma mbali ina ya mutu wake ikudzilondera: ndalakwitsanso kodi, anzangawa atsegula kale tsamba lachiwiri, aphunzitsi adzati chiyani. Chimene chimagwa m'chikhathomo ndi nambala ija. Toni Schmader ndi Michael Johns anayeza zimenezi mu 2003 ndipo anapeza kuti ophunzira aakazi amene anakumbutsidwa mbiri ya akazi ndi masamu ankatha kusunga zinthu zochepa m'mutu. N'chifukwa chake manthawa amagwira pa mafunso ovuta kuposa ophweka, ndipo amagwira kwambiri mwana amene masamu akuwafunadi. Amene sasamala alibe choopa. Komanso si vuto la atsikana okha. Mu 1999 Aronson ndi anzake anatenga anyamata achizungu odziwa masamu kwambiri n'kuwauza kuti kafukufukuyo akufuna kudziwa chifukwa chimene anthu a ku Asia amaposera azungu pa masamu. Nawonso anatsika.

Tsopano ndinene zimene zolemba zambiri za pa intaneti zimasiya. Ambiri mwa makafukufukuwa anali a anthu ochepa, ndipo kwa zaka zambiri magazini a akatswiri ankakonda kusindikiza kafukufuku amene wapeza kanthu, wosapeza kanthu n'kutsalira m'dilowa. Paulette Flore ndi Jelte Wicherts a ku Netherlands anasonkhanitsa makafukufuku okhudza atsikana a sukulu mu 2015 ndipo anaona zizindikiro za kukondera kotere. Kenako anachita wawo waukulu, wa ophunzira a sekondale 2,064, atalemberatu poyera mmene adzawerengere zotsatira kuti pasakhale kusankha zokoma. Zotsatira zinatuluka mu 2018: kukumbutsa atsikana za mbiri ija mayeso asanayambe sikunawatsitse. Choncho wina akakuuzani kuti mawu amodzi onenedwa m'mawa wa mayeso ndiwo amachititsa kusiyana konse kwa malikisi, akukokomeza. Mmene ine ndimaonera, manthawa alipo ndipo ana ena amawagwiradi, koma mphamvu yake pa tsiku limodzi ndi yaing'ono ndiponso yosinthasintha. Chimene chimandidetsa nkhawa pa mwana wanu n'chimene chikuchitika miyezi yonse mayeso asanafike.

Taganizirani mwana amene wavomereza mumtima kuti mutu wake si wa masamu. Samu ikamukanika koyamba sayesanso kachiwiri, chifukwa kwa iye kukanika kuja kwayankha kale funso. M'kalasi sakweza dzanja kufunsa, poopa kuti funsolo limuulula. Nthawi yowerenga ikafika amatsegula buku la phunziro limene amakhoza, la masamu n'kuliika pansi pa ena. Palibe chimodzi mwa izi chimene n'chachikulu pa tsiku lake. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo: teremu ikamatha iye wachita masamu ochepa kuposa anzake, ndipo tsopano akudziwadi zochepa. Mayeso akabwera amapereka umboni wa chinthu chimene poyamba sichinali choona. Masamu ndi oipa kwambiri pa nkhani imeneyi chifukwa amamangana ngati njerwa. Ukadumpha mzere umodzi, mizere yonse ya pamwamba imapendekeka.

Mawu akuti masamu ndi a anyamata mwana wanu sanawapeke yekha, ndipo mwina anawamva kale asanafike ku sekondale. Lin Bian, Sarah-Jane Leslie ndi Andrei Cimpian anafalitsa mu 2017 kafukufuku wa ana aang'ono ku America. Ankawafotokozera nkhani ya munthu wanzeru kwambiri osatchula ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kenako n'kuwaonetsa zithunzi kuti aloze munthuyo. Pa zaka 5, anyamata ankaloza amuna ndipo atsikana ankaloza akazi. Pofika zaka 6, atsikana anayamba kuchepetsa kuloza akazi. Chodabwitsa n'chakuti atsikana omwewo akafunsidwa kuti amene amakhoza bwino kusukulu ndani, ankatchulabe atsikana. Anali ataphunzira kale kusiyanitsa kukhoza ndi kukhala wanzeru: mtsikana akakhoza ndi khama, mnyamata akakhoza ndi mutu.

Ana amatengeranso zimenezi kwa akuluakulu amene amawakonda. Sian Beilock ndi anzake a pa yunivesite ya Chicago anatsatira aphunzitsi aakazi 17 a kalasi yoyamba ndi yachiwiri, n'kufalitsa zotsatira mu 2010. Chaka chikamayamba, mantha a masamu a mphunzitsi analibe mgwirizano ndi malikisi a ana. Chikamatha, atsikana a m'makalasi a aphunzitsi amantha ankavomereza kwambiri zoti anyamata ndi a masamu ndipo atsikana ndi a kuwerenga, ndipo amene anavomereza zimenezi malikisi awo anali otsika. Anyamata sanakhudzidwe. Apa ndikufunseni, Mayi, osati mokuimbani mlandu: kodi munayamba mwamuuzapo mwanayu kuti, "Usadandaule, inenso masamu ankandivuta"? Ndi mawu achikondi, ndipo makolo ambiri amawanena. Koma mtsikana wa zaka 14 amawamva ngati nkhani ya magazi: amayi anali otere, inenso ndine wotere.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo. Kafukufuku wotchuka ndi wa Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson, amene anatuluka mu 1968. Pa sukulu ina ya pulayimale ku California anauza aphunzitsi kuti mayeso aonetsa ana amene nzeru zawo ziphuka chaka chimenecho. Maina a anawo, pafupifupi mmodzi pa asanu alionse, anangowasankha mwamaere. Chaka chitatha, anawo anakweradi kuposa anzawo, makamaka m'kalasi yoyamba ndi yachiwiri. Kafukufukuyu anatsutsidwa kwambiri, ndipo amene anabwera pambuyo anaonetsa kuti mphamvu ya chiyembekezo cha mphunzitsi nthawi zambiri ndi yaing'ono. Imakula pamene mphunzitsi sanamudziwe bwino mwana, ndiponso pa ana a magulu amene amanyozedwa kale. Onani kuti mwana wolowa kumene sekondale ali ndendende pamenepo: mphunzitsi watsopano, amene sakudziwa zoti ku pulayimale ankakhoza.

Chiyembekezocho chimafika kwa mwana kudzera m'tinthu ting'onoting'ono. Mary Budd Rowe, amene ankajambula mawu a m'makalasi a sayansi cha m'ma 1970, anapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi asanapite kwa wina kapena kuyankha yekha. Ana amene ankawaona kuti ndi anzeru ankawadikira nthawi yotalikirapo kuposa amene ankawaona kuti ndi ofooka. Ndiye kuti wofunika nthawi yambiri ndi amene ankapatsidwa yochepa. Aphunzitsi atazolowetsedwa kudikira masekondi atatu, ana amene ankangokhala chete anayamba kuyankha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako ndi masekondi awiri owonjezera basi.

Koma choipa kuposa kunyoza ndi chifundo cholakwika. Aneeta Rattan, Catherine Good ndi Carol Dweck anaonetsa mu 2012 kuti aphunzitsi amene amakhulupirira kuti luso la masamu n'lobadwa nalo amafulumira kutonthoza wolephera, kumuuza kuti si aliyense angathe masamu, n'kumuchepetsera ntchito. Ophunzira olandira chitonthozo chotere ankazindikira kuti aphunzitsi awataya, ndipo chidwi chawo chinkatsika. Ndaonapo aphunzitsi a mtima wabwino kwambiri akuchita zimenezi, ndipo inenso ndinazichitapo. Mawu a bambo ake akuti tisamuvutitse ali m'gulu lomweli, ngakhale akuchokera mu mtima wabwino.

Bambowo sakulakwa kotheratu. Kafukufuku wa mapasa wa zaka zambiri akuonetsa kuti chibadwa chili ndi mbali yake pa kusiyana kwa anthu pa mayeso a nzeru, ndipo ana saphunzira pa liwiro limodzi. Amene angakuuzeni kuti mwana aliyense angakhale katswiri wa chilichonse akangolimbikira akukunamizani. Koma kukhala ndi chibadwa n'kosiyana ndi kukhala ndi malire odziwika. Alfred Binet, amene anapanga mayeso oyamba a nzeru ku Paris mu 1905 pamodzi ndi Théodore Simon, anawapangira kupeza ana ofunika thandizo lapadera, ndipo iye mwini anadzudzula mwamphamvu anthu onena kuti nzeru za munthu ndi muyezo wosasintha. Umboni unadzabwera pambuyo. Dziko la Norway linawonjezera zaka za sukulu yokakamiza kuchoka pa 7 kufika pa 9 cha m'ma 1960, madera osiyana pa nthawi zosiyana. Popeza anyamata a kumeneko ankayezedwa nzeru polowa usilikali, ofufuza anatha kuyerekeza, ndipo anapeza kuti chaka chimodzi chowonjezera cha sukulu chinakweza IQ, imene ndi muyezo wa nzeru, ndi mapointi oposa atatu. Ngati muyezo wa nzeru weniweniwo umasuntha ndi sukulu, kuli bwanji alijebula ya ku sekondale, imene ndi luso lophunzitsika? Mwana amene ankakhoza masamu a ku pulayimale sanafike pa denga la mutu wake pa zaka 14.

Pali chinanso chimene ndikuchikayikira pa mwana wanu, ndipo chimagwera ana okhoza. Claudia Mueller ndi Carol Dweck anapatsa ana a kalasi yachisanu mafunso osavuta mu kafukufuku wa mu 1998. Ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Kenako onse anapatsidwa mafunso ovuta amene anawalephera, pomaliza n'kubwerera ku osavuta. Oyamikiridwa nzeru anakhoza mochepa kuposa poyamba. Oyamikiridwa khama anakwera. Atauzidwa kuti alembere ana a sukulu ina za malikisi awo, pafupifupi anayi pa khumi alionse mwa oyamikiridwa nzeru anawonjezera malikisiwo. Mwana amene wakula akumva kuti ndi wanzeru chifukwa zinthu sizimuvuta amaphunzira kuti nzeru ndiko kusavutika. Tsiku limene samu yamuvuta koyamba amaganiza kuti nzeru zija zatha, kapena kuti sizinaliko n'komwe. Ndipo pafupi pomwepo pali mayankho okonzeka kale amene dziko lamusungira: ndiwe mtsikana.

Musathamangire kumata mapepala a mawu olimbikitsa m'chipinda chake. Kafukufuku wamkulu pa nkhani yophunzitsa ana kuti nzeru zimakula anatsogoleredwa ndi David Yeager ndipo anatuluka mu 2019. Anali wa ophunzira oposa 12,000 m'masukulu 65 a boma ku America, ndipo phunziro lake linali la pa kompyuta, losakwana ola limodzi. Ophunzira ofooka anakwera ndi 0.10 pa sikelo ya magiredi imene imalekera pa 4.3. Poona kuchepa kwa nthawi ndi chinthu ndithu, koma ndi kukwera kochepa, ndipo kunkaoneka bwino m'masukulu amene ana anzawo sankaseka munthu wolimbana ndi ntchito yovuta. Ku England pulogalamu yofanana nayo inayesedwa m'masukulu a pulayimale oposa 100 ndipo malikisi sanasinthe. Kuuza mwana kuti ungathe, popanda kumuonetsa njira, kumatha mphamvu pa mayeso otsatira. Choipanso n'kumuuza kuti ungolimbikira, pamene iye akulimbikira kale m'njira yosathandiza. Akalepheranso amati ndalimbikira ndipo zakanika, ndiye kuti ndi mutu basi.

Mawu amene ali ndi umboni wabwinoko ndi amene amaphatikiza muyezo wapamwamba ndi chikhulupiriro. Pa kafukufuku wina waung'ono wa Yeager, Geoffrey Cohen ndi anzawo wa mu 2014, aphunzitsi anachonga zimangirizo za ana mwa nthawi zonse, ndi zodzudzula zonse. Pa mapepala ena panamatidwa kakalata ka mphunzitsi konena kuti ndemangazi ndakupatsa chifukwa ndikuyembekezera zambiri kwa iwe ndipo ndikudziwa kuti ungazifikire. Mwa ana akuda amene analandira kakalatako, oposa 70 pa 100 alionse analembanso chimangirizo chawo. Mwa amene analandira kakalata wamba, 17 okha. Zodzudzula sizinachepetsedwe ngakhale pang'ono. Mwana anangouzidwa tanthauzo lake. Ngati mungakumane ndi aphunzitsi ake a masamu, auzeni kuti mwanayu ku pulayimale ankakhoza, ndipo apempheni kuti asamuchepetsere ntchito, azimufunsa mafunso m'kalasi n'kumudikira.

Iyeyo musakangane naye za mutu wake. Akati masamu ndi a anyamata, inu mukati ayi, mwangosinthana zikhulupiriro ndipo iye ali ndi malikisi ngati umboni wake. Mufunseni kuti, "Ndi pati penipeni pamene pakukuvuta?" Funso limeneli limachepetsa vuto kuchoka pa mutu wonse kufika pa tsamba limodzi la buku. Muthanso kumuuza za chikhatho chija, kuti mtima ukamagunda pa mayeso n'kuiwala zimene amadziwa, si umbuli, ndi malo amene mantha alanda, ndipo kulemba sitepe iliyonse pa pepala m'malo moisunga m'mutu kumapeputsa chikhathocho.

Ndibwerere ku chinthu chachiwiri chija. Kumvetsa samu buku lili chitsegulire n'kosiyana ndi kuitulutsa m'mutu buku litatsekedwa, ndipo ana ambiri okhoza ku pulayimale sanaphunzirepo kudziyesa okha chifukwa sizinkafunika. Tengani pepala la mayeso apitawa. Sankhani mafunso amene analakwa, mumupatse kuti awachitenso, buku litatsekedwa, popanda wotchi, inu muli phee. Akawakhoza, vuto lalikulu ndi mantha ndi liwiro, ndipo mankhwala ake n'kuzolowera: mafunso ochepa masiku angapo pa sabata, buku lotseka, nthawi yoikika, mpaka mayeso asiye kukhala chinthu chachilendo. Akawalepheranso, yang'anani mzere umene samu iliyonse yasokonekera. Nthawi zambiri mudzapeza kuti ndi malo amodzimodzi. Robert Siegler ndi anzake, poona ana a ku America ndi ku Britain mu 2012, anapeza kuti kudziwa mafulakishoni ndi kugawa pa zaka pafupifupi 10 ndiko kumalosera bwino mmene mwana adzachitire alijebula ku sekondale. Mwana angakhoze pulayimale poloweza njira ya mafulakishoni osaimvetsa, ngongoleyo n'kudzaonekera pamene zilembo zalowa m'malo mwa manambala. Ngati pa mafunso asanu olakwa atatu agwera pa mafulakishoni kapena pa manambala a negetivi, poyambira mwapapeza. Pepalalo mukawaonetse bambo ake, ndipo muwapemphe kuti Loweruka m'mawa akhale naye pa mafulakishoniwo.